Tifunseni: kodi CZ 75 yanga ingamawombe zipolopolo za .22?

FUNSO: Akulu, ine ndimakhala ku Pretoria, ndili ndi CZ 75 ya 9mm ya laisensi, ndimapita ku range kukaphunzira kuwombera koma zipolopolo zikundithera ndalama heve. Anzanga akuti pali kit yoti mfuti yomweyi iziwomba za .22 zotchipa zija. Ndi zoona zimenezi? Siingawonongeke?
Wowerenga, Pretoria

YANKHO: Achimwene, anzanuwo sakunama. A CZ amapanga okha kit yotchedwa Kadet, ndipo nzeruyi ndi yakalekale, a Colt anatulutsa Ace ya .22 pa thupi la mfuti yawo yotchedwa 1911 m'chaka cha 1931. Mumangochotsa slide yonse, chitsulo cha pamwamba chimene chimabwerera m'mbuyo mukawomba, pamodzi ndi mpope wake ndi sipuling'i, nkuvekapo ya kit, magazini nawonso ndi ake ake. Chogwirira ndi tiriga zimakhala zomwezo, simudula kapena kuboola chilichonse, mukafuna 9mm mumangobwezeretsa. Nde za kuwonongeka musade nazo nkhawa.

Bwanji osangosintha mpope wokha? Chipolopolo cha 9mm kapu yake yoyatsira onga ili pakati, pomwe cha .22 LR mankhwala oyatsirawo ali m'mphepete mozungulira, nde pini iyenera kumenya pambali osati pakati. Komanso ka .22 mphamvu kalibe, sikangakankhe slide yolemera ndi sipuling'i yolimba ya 9mm, nchifukwa chake ya kit imakhala yopepuka.

Koma musanatulutse ndalama, yambani mwafunsa za lamulo. Ku South Africa, Firearms Control Act ya 2000 imawerenga mpope pawokha ngati mfuti, kutanthauza kuti kit yanuyo ikufuna laisensi yakeyake, mafomu, kudikira, zonse zija munadutsamo poyamba paja. Pitani kwa dila wovomerezeka kapena kwa wapolisi woona za mfuti m'dera lanu. Yogula kwa munthu pa Facebook, ayi ndithu, mungalowe nayo m'mavuto aakulu. Ndipo poti mapepala ndi omwewo, ena amangoti bola kugula mfuti ina ya .22 yathunthu, monga Glock 44 imene inalengezedwa mu 2019, werengerani mitengo muone nokha.

Mukaipeza mudzaona kuti .22 ndi yauve. Chipolopolo chake chimapakidwa phula, utsi wake umasiya mwaye wakuda bii pakamwa pa chamber (malo olowa chipolopolo kumbuyo kwa mpope), mukangochita ulesi osatsuka iyamba kukakamira, khungwa la chipolopolo chowombedwa osatuluka. Ma kit ambiri amasankhanso zakudya, amakonda zipolopolo zothamanga kwambiri (high velocity) zolemera 40 grain ngati CCI Mini-Mag, zotchipitsitsa zija zimakana kawirikawiri. China chikakana kulira musathamangire kutsegula, lozanibe ku target, dikirani pang'ono kenako muchotse. Komanso musamakhethemule tiriga mulibe kanthu, pa rimfire (mfuti zomenya chipolopolo m'mphepete ngati .22 iyi) pini ikhoza kumenya m'mphepete mwa chamber nkupawononga.

Maganizo anga ndi awa: kit imaphunzitsa bwino kufinya tiriga mosagwedeza dzanja ndi kulunjika ma sight (tizitsulo toyang'anira pamwamba pa mfuti), makamaka ngati muli ndi kachizolowezi kotsinzina kapena kugwetsa dzanja mfuti isanalire. Chimene siingakuphunzitseni ndi kukankha kwa 9mm, .22 imangoti phwa basi, pomwe 9mm ya 124 grain imadumphadi m'manja. Ambiri amazolowera kugwira mofooka kenako akabwerera ku 9mm zipolopolo zimangomwazika. Nde gwirani zolimba ngati ndi 9mm yomwe, ndipo tsiku lililonse la ku range muzimalizira ndi magazini imodzi kapena awiri a 9mm.