Seva yakale ikukana RAM yatsopano

Funso: Akonzi, seva yathu ya Windows Server 2003 Standard ya 32-bit tayiikira RAM ya 8 GB, koma ikuonetsa yosakwana 4 GB. Kodi RAM yafa?

Yankho: Ayi, RAM ili bwinobwino. Sisitemu ya 32-bit imafikira 4 GB basi, ndipo gawo lina limatengedwa ndi makadi a PCI (makadi olumikiza m'kati mwa kompyuta, monga a netiweki). Njira yotchedwa PAE (Physical Address Extension) imakweza malirewo, koma Microsoft inatsekera Standard pa 4 GB. Yofika 64 GB ndi Windows Server 2003 Enterprise yokhala ndi zokonza za Service Pack 2 (SP2), mukalemba /PAE mu fayilo ya boot.ini, yomwe imauza Windows mmene iyambire. Ngakhale zitatero, nthawi zambiri pulogalamu imodzi imangopatsidwa 2 GB. Ngati purosesa yanu ndi ya 64-bit, sungani kaye mafayilo pena, kenako ikani sisitemu ya 64-bit mwatsopano, chifukwa kuikweza pamwamba pa yakaleyo sikutheka.