Yankho kwa achemwali amene afunsa za "The car parked"

Achemwali, mwafunsa ngati "The car parked on the street by me" ndi chiganizo choyenera kulemba m'kalata yokana chindapusa cha kaimikidwe ka galimoto chomwe mwapatsidwa ku Leeds, mzinda wa ku England, komanso chifukwa chake zikwangwani za kumeneko zimayambira pa galimoto m'malo moyambira pa munthu. Chonde musatumize kalatayo mmene ilili. Chiganizocho chikusowa mawu akuti "was", ndipo popanda mawuwo tanthauzo lasokonekera.

Ife tikhoza kunena kuti "Ndinaimika galimoto pamsewu" kapena "Galimoto ndinaiimika pamsewu", palibe angasokonezeke, chifukwa mkati mwa mneni "ndinaiimika" muli kale ndi- wosonyeza woimika ndi -i- wosonyeza choimikidwa. Mneni wa Chingerezi alibe zimenezi. Iwo amadalira malo amene mawu akhala: chomwe chili patsogolo pa mneni ndicho chachita, chomwe chili pambuyo ndicho chachitidwa. Mukalemba "The car parked", wowerenga akuona galimoto yodziimika yokha. Ngati mukufuna galimoto itsogole, lowetsani is, was kapena will be: "The car was parked on the street." Apo ndiye mwanena kuti inaimikidwa.

Chimene chimagwetsa ambiri n'choti parked sasintha. "I parked" ndi "was parked" akumveka chimodzimodzi, ndiye khutu silikuchenjezani kuti china chatsala. Yesani ndi take: "I took the car", koma "The car was taken". Pamenepo kusiyana kukuonekera poyera. Mukakayika, ikani taken pamalo a parked mumve ngati chiganizo chikuima.

"By me" mumuchotse. Sikuti ndi wolakwika, koma eni chinenero salankhula choncho. Wofuna kudzitchula amangoti "I parked the car on the street at 9." Onani kuti car wabwera atangotha parked, kenako malo, kenako nthawi. Musalowetse malo pakati pa mneni ndi galimoto.

Za zikwangwani zija, tengani ichi: "Vehicles parked here will be towed away." Mwina munaona parked wopanda was pamenepa n'kuganiza kuti n'zololedwa paliponse. Ayi, apa angofupikitsa "vehicles that are parked here", ndipo mneni weniweni ndi "will be towed". Wodzakoka galimotoyo sanamutchule, chifukwa amene akufuna kuti amve ndi inu mwini galimoto.

Tsopano chomwe chandichititsa kulemba zambiri chonchi ndi kalata yanuyo, poti m'menemo kusankha pakati pa "I parked" ndi "was parked" kumakhudza ndalama. Yang'anani pamwamba pa pepala lomwe analimata pagalasi lakutsogolo. Likati Penalty Charge Notice, lachokera ku khonsolo. Kawirikawiri amene amafunsidwa kulipira amakhala mwini galimoto, kaya anayendetsa ndani, ndipo mukalipira pasanathe masiku 14 mumalipira theka. Likati Parking Charge Notice, lachokera ku kampani yoyang'anira malo a eni ake, monga pasitolo. Kampani yotere imati inapangana ndi woyendetsa. Lamulo la Protection of Freedoms Act la 2012 limailola ku England ndi Wales kulipiritsa amene galimoto inalembetsedwa m'dzina lake, pokhapokha ngati yatsatira ndondomeko ndi masiku amene lamulolo linaika. N'chifukwa chake ambiri amalemba kuti "The vehicle was parked", osatchula woyendetsa. Mukangoti "I parked", mwavomera nokha kuti munali pachiwongolero.

Sindikukuuzani kuti muname, ayi ndithu. Ngati simunali inu woyendetsa tsikulo, musalembe "I" pongofuna chiganizo chosavuta. Ngati munali inu ndipo munalipira, nenani mosabisa: "I parked at 9 and paid for two hours", muphatikize chithunzi cha lisiti. Tiuzeni kaye kuti pamwamba pa pepalalo alemba Penalty kapena Parking, kenako tikonzere limodzi kalata yonse.