Kwa achimwene amene afunsa kuti maganizo a luso timawatenga kuti

Achimwene, mwati mwakhala miyezi itatu pensulo ili m'manja koma pepala lili mbee, ndipo mukuganiza zosiya kujambula muyambe nyimbo, mwina kumeneko maganizo azibwera okha. Ine ndimapenta, masaini a m'mashopu ndi zithunzi za pansalu, ndimakhala ku Chinamwali, ndiye ndikuyankheni mmene ndaonera ine.

Musathamangire kusintha chonde. Vuto si pensulo. Nthawi zambiri timauma mutu chifukwa tikusaka nkhani kutali, pa Instagram, kuonera za anthu akunja, pamene nkhani zili pakhomo pompano. Tangoganizani za Napolo. Tonse a ku Zomba tinakula tikumva agogo akunena za chinjoka chokhala pansi pa phiri, chikamasamuka chimagumula miyala ndi madzi, ngati zomwe zinachitika kuno mu 1946. Malemu Steve Chimombo, amene ankaphunzitsa pa yunivesite ya Chanco, anatenga Napolo yemweyo nkumulembera ndakatulo zaka ndi zaka osatopa naye. Koma nkhani yomweyo mukampatsa wosema ziboliboli iye aganiza za thupi lopindikalo, kuti atenga muzu wanji wokhota kale, woimba amva mkokomo wa madzi ndiye ayambira pa ng'oma, wa zisudzo aona mayi akuthawa ndi mwana kumbuyo usiku. Ine nditayesa kupenta pambuyo pa namondwe wa Freddy mu 2023 njokayo sindinaijambule nkomwe, ndinangojambula chipsera chofiira paphiri ndi ndowa imodzi ili m'matope, ndipo mpaka pano ndi chithunzi chimene anthu amaima nacho nthawi yaitali.

Chinanso chomwe ambiri sitilabadira nchakuti chipangizo chimene wagwira chimakuuza chochita. Kwerani msewu wa ku Ku Chawe, pa phiri la Zomba, mukacheze ndi osema aja, musakagule kanthu, mukangokhala pansi nkumaona. Mkulu wina kumeneko anandiuza kuti sayamba ndi ganizo, amayamba ndi chikuni, amachitembenuza masiku angapo mpaka aone chomwe chabisala mkatimo. Phingo ndi wolimba, kunja woyera mkati wakuda bii, ndiye wochenjera amasiya koyerako kuti kukhale mpango kapena tsitsi la nkhalamba. M'bawa sompho imalowa bwino koma ukapeza mfundo umasintha pulani basi. Amayi oumba mbiya nawonso, dongo limakana kufulumira, ukaliwotcha lisanaume limang'aluka. Penti wa madzi sakhululuka, ukalakwitsa walakwitsa, pamene wa akiliriki umabwereza pamwamba. Nchifukwa chake ndikuti mukapita ku nyimbo mukakumana ndi malamulo ena, kuuma mutu kuja mupita nako.

Za kusowa zipangizo mwatchulazo ndikumvetsa, penti wakwera mtengo zedi. Komabe kumbukirani mlakatuli Jack Mapanje ku ndende ya Mikuyu kuja, 1987 mpaka 1991, anamutsekera popanda mlandu ndipo ndakatulo zambiri ankazipeka m'mutu nkumazisunga pamtima. Ku ndende yaikulu ya mu tauni ya Zomba muno, nyimbo zomwe akaidi anajambula zinafika posankhidwa kupikisana nawo pa mphoto za nyimbo za Grammy ku America mu 2016, zina gitala imodzi ndi mawu basi. Anyamata akumudzi amapanga banjo ndi chigubu cha mafuta ndi waya wa buleki ya njinga. Ineyo ndinayamba ndi makala pa katoni, ndipo makala amaphunzitsa mthunzi kuposa chilichonse.

Kuonera anzanu a luso lina ndiye ndikulimbikitsa kwambiri. Mitundu ndinaphunzira poyang'ana matelala mmene amaphatikizira zitenje, osati m'kalasi. Mukapeza thiransipoti pitani ku Mua ku Dedza, pa Kungoni, malo omwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, mukaone zigoba za Gule Wamkulu, chigoba chilichonse chili ndi nyimbo yake, kavinidwe kake ndi phunziro lake, wosema ndi woimba ndi wovina onse pa chinthu chimodzi.

Ndiye chitani izi sabata ino. Tengani kope la sukulu wamba, mulawirire kumsika waukulu cha m'ma 6 koloko, mujambule manja okha, manja a amayi akuwunjika matemba a ku Chilwa, a kabaza atagwira handulo, osafufuta, masamba asanu tsiku lililonse ngakhale zioneke zoipa. Pemphani kaye musanajambule munthu, ena sakondwa nazo. Loweruka ndikupita ku Kachulu, pa nyanja ya Chilwa, kukajambula mabwato, nyanja ija itaphwa mu 2018 ndinawajambula ali pa matope ong'aluka ndiye ndikufuna ndiwaonenso ali pamadzi. Ngati muli omasuka ndilembereni ku inbox tipitire limodzi, makala ndi mapepala ndibweretsa ine.