Kwa achimwene amene asankhidwa kukhala shop steward

Achimwene mwafunsa kuti anzanu ku fakitale akusankhani kukhala shop steward, woimira mamembala a yuniyoni pa malo a ntchito, koma simukudziwa kuti ntchito yake ndi chani kwenikweni, komanso mukuopa kuti abwana akuikani pa mndandanda wa ochotsedwa. Ndikuyankheni ine poti udindo umenewu ndinaugwirapo zaka zinayi pa kampani ina kuno ku Blantyre, dzina lake tisiye. Amene akukuuzani kuti thawani mufera za eni, sakunama kwathunthu ayi, koma sakukuuzani zonse.

Choyamba chotsani m'mutu zoti shop steward ndi munthu wa sitalaka, wokwera pa diramu kumaimbitsa nyimbo pageti. Ine zaka zinayi zonsezo sitalaka sindinatsogolerepo ngakhale imodzi. Chimene ndimayenda nacho tsiku lililonse chinali kope la hadikava ndi bolopeni m'thumba la ovololo basi. Munthu akabwera kuti supavayiza wanditukwana, ovataimu yanga sinatuluke, andikaniza tchuthi, ndimalemba tsiku, nthawi, amene analipo, zimene zinanenedwa. Poyamba anzanga amandiseka kuti ndasanduka kalaliki wa kwa amfumu, koma mukalowa mu ofesi ya HR ndi mawu a pakamwa okha amakufunsani kuti zinachitika liti, mukangoti "mwezi watha uja" nkhani yathera pomwepo, mumatuluka manja ali m'khosi.

Ndikupatseni chitsanzo. Panali mnyamata wina wopakira katundu mu lole, anamupatsa kalata m'mawa kuti 10 koloko tsiku lomwelo akaonekere ku hearing kukayankha mlandu, ati makatoni asowa. Mnyamatayo anabwera kwa ine milomo itauma, kalata yake yachizungu osaimva bwinobwino, akuti madala ndingosaina chilichonse andipatsecho mwina andimvera chisoni. Ndinamuuza kuti usasaine kanthu usanamve tanthauzo lake. Titalowa ndinapempha zinthu ziwiri zokha, kuti atipatse masiku okonzekera poti munthu sangadziteteze pa nkhani imene waimva maola awiri apitawa, komanso kuti abweretse buku la pageti limene alonda amalembamo magalimoto otuluka. Abwana a HR anandiyang'ana ngati ndawaponda chala koma anavomera. Buku litabwera zinapezeka kuti lole ija inatuluka usiku, pamene mnyamatayo anali ataweruka kale masana, khadi yake yoklokela ikusonyeza choncho. Sindinakweze mawu, sindinaopseze munthu, ndinangoloza tsamba. Mnyamatayo anapitiriza ntchito.

Zimenezi sikuti ndi ufulu wongopempha ayi. Employment Act ya 2000 pa gawo 57 imanena kuti munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati nkhani ili ya khalidwe lake kapena kagwiridwe ka ntchito ayambe wapatsidwa mpata woyankhapo. Lamulo lomwelo ndi limene limanena za maola 48 pa sabata, ovataimu ya tsiku wamba ola limodzi liwerengedwe ngati ola ndi theka, koma mukagwira pa tsiku lanu lopuma kapena pa holide ndi kawiri. Apa ndi pamene anthu amaberedwa kwambiri osadziwa, chifukwa peyisilipi ambiri amangoyang'ana nambala ya pansi ija nkuipinda. Inu phunzirani kuiwerenga kuyambira pamwamba, muziona ngati ya penshoni ikudulidwa 5 pelesenti ndipo kampani ikuikapo 10 pelesenti yake, ndiye muzifunsanso ngati ndalamazo zikufikadi kumene zimasungidwa, poti kudula pa pepala ndi kutumiza ndi zinthu ziwiri zosiyana. Azimayi oyembekezera ali ndi masabata 8 a tchuthi cholipidwa, enanso amaopa kufunsa, mudzawafunsire ndinu.

Koma pali mbali ina imene palibe amakuuzani. Tsiku lina adzabwera mnzanu weniweni, amene mumadyera limodzi chiwaya pa lanchi, atagwidwa ataledzera pa mashini, ndiye adzafuna kuti mukaname kuti anali ndi malungo. Musayerekeze. Mukanama kamodzi abwana sadzakukhulupiriraninso ngakhale pa nkhani ya munthu wosalakwa. Wolakwa mumamuuza pambali kuti apa walakwa aise, chimene ndingakuthandize ndi choti akumve bwino, mwina ndikupemphere woning'i m'malo mochotsedwa, ndipo akakuchotsa ndalama zako zoyenera zituluke. Adzakukwiyirani, ena mpaka adzati mwagulidwa.

Zogulidwazo zilipodi, nchifukwa chake anthu sakhulupirira ma yuniyoni. Sabwera ndi chikwama cha ndalama ngati mu filimu ayi. Zimayamba ndi ka eyataimu, kenako bwana akuti tiye ndikusiye pa siteji, kenako ukumva kuti pali malo a usupavayiza ndipo dzina lako likuganiziridwa, nthawi yake nkukhala yomwe mukukambirana zokweza malipiro. Amene ndinamulowa m'malo zinamuthera choncho, anakhala kapitawo, ku kantini amadya yekha. Ine lamulo langa linali loti mu ofesi ya abwana sindilowa ndekha, ndimatenga mnzanga wa mu komiti, ndipo tikatuluka timakauza anthu zonse zimene zakambidwa tsiku lomwelo, ngakhale zikhale zowawa zoti atikanira. Mukangokhala chete masiku awiri mphekesera zimayenda kuposa minibasi.

Tsopano za mantha anuwo. Malamulo oyendetsera dziko lino pa gawo 31 amapereka ufulu wolowa yuniyoni, Labour Relations Act ya 1996 nayonso imaletsa kuzunza munthu chifukwa cha yuniyoni, ndipo kukhala membala si chifukwa chochotsera munthu ntchito. Koma tisanamizane, bwana wochenjera sadzalemba kuti takuchotsani chifukwa ndinu shop steward. Adzadikira muchedwe mphindi khumi katatu, kapena mujombe osatsanzika. Ndiye inuyo mukhale woyamba kufika, zolemba zanu zikhale zoyera, kalata iliyonse imene akupatsani muzisunga kunyumba osati mu lokala ya ku ntchito. Zikavuta pitani ku ofesi ya leba ya m'boma lanu msanga, isanathe miyezi itatu chichotsedwereni, zikakanika kumeneko nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti loona milandu ya za ntchito. Kumeneko milandu imachedwa, musayembekezere zamawa.

Sitalaka musaitane nokha chifukwa choti anthu apsa mtima pa shifiti. Pali ndondomeko yake, mkangano umayamba wakanenedwa ku unduna wa za ntchito kuti ayese kuyanjanitsa, zikakanika pamaperekedwa notisi ya masiku 7, ndipo zimenezi zimadutsa ku likulu la yuniyoni yanu osati pa inu nokha. Kumbukiraninso kuti chisinthireni lamulo mu 2021, sitalaka ikapitirira masiku atatu pa chaka abwana ali ndi mphamvu yodula malipiro a masiku owonjezerawo, ndiye anthu muwauze zimenezi asanavote, asadzakudabweni pa mapeto a mwezi lendi itawapanikiza. Akuluakulu amatikumbutsa za 1992 pamene a Chakufwa Chihana, amene anali munthu wa ma yuniyoni, anamangidwa atangotsika ndege mu April, kenako mu May ogwira ntchito ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead nkunyanyala ntchito mpaka Blantyre yonse kugwedezeka. Zinasinthadi dziko, koma anthu anafanso masiku amenewo, si nkhani yoyambitsa ngati masewera.

Poti simunanene kuti yuniyoni yanu ndi iti, imbani ku ofesi yake muwafunse ngati pali mgwirizano umene anasainirana ndi kampani yanu, akupatseni kope lake pamodzi ndi conditions of service, muwerenge mpaka muziloweze ngati katekisimu. Muwafunsenso za maphunziro a ma shop steward, a MCTU, bungwe lalikulu la ma yuniyoni m'dziko muno, ndi ma yuniyoni ena amachititsa nthawi zina. Ndipo werengani mamembala anu, chifukwa lamulo limafuna kuti akwane 20 pelesenti ya ogwira ntchito kuti abwana akakamizike kukhala nanu pansi pa zokambirana za malipiro, ine nditayamba ndinapeza kuti ena amene amafuula kwambiri pa misonkhano fomu sanasainepo nkomwe.