Wovala malaya a buluu nayenso amalira

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achimwene ena a ku Indiana amene angoyamba kuimbira baseball ya ana, ntchito imene ambiri amaigwira atavala malaya a buluu. Anatulutsa mwana pa first base, malo oyamba amene womenya mpira amathamangira, makolo n'kuyamba kukuwa kuti mpira ndi wothamanga zikafika pamodzi, wothamangayo ndiye wapulumuka. Akufunsa ngati lamuloli lilipodi, komanso ngati kuli bwino angosiya.

Achimwene, mwandikanda pachilonda. Ine ndinakulira pa mpira wachikulunga ku Ndirande, baseball ndinaidziwira kuno ku Michigan mwana wanga atalowa timu. Tsiku lina woimbira sanabwere, anthu anayang'anana, ine n'kupezeka ndavala chigoba kumaso. Masewero achitatu okha ndinachita manyazi amene sindidzawaiwala. Mpira unafika pa first base mwana akadali patali ndithu, ine dzanja m'mwamba, kufuula "out" mwamphamvu ngati ndili pa TV. Poyang'ana pansi, mpira uli gubudugubudu pafumbi. Wogwirayo anali atautaya. Mayi wina anandilalatira mpaka pagalimoto, mwana wanga yemwe sanandilankhule njira yonse. Mayi akunyumba anangofunsa kuti, "Kodi akukulipirani zingati kuti muzitukwanidwa chonchi?" Panalibe ngakhale tambala.

Chimene chinandibweza pabwalo ndi nkhani ya Jim Joyce, woimbira wa ligi yaikulu ya baseball ku America, MLB. Pa 2 June 2010 ku Comerica Park, Armando Galarraga, woponya mpira (pitcher) wa Detroit Tigers, anali atatulutsa anthu 26 a Cleveland motsatizana, popanda ngakhale mmodzi wofika pa base. Anatsala ndi mmodzi kuti achite perfect game, kutulutsa onse 27 popanda wofika pa base, chinthu chimene oponya mpira ambiri amapuma ntchito asanachilawe. Jason Donald wa Cleveland anamenya mpira wokwawa, Miguel Cabrera wa Detroit anautola n'kuponyera Galarraga amene anathamangira pa first base. Donald anachedwa, aliyense anaona. Joyce, amene ankaimbira pa first base, anatambasula manja: "safe", kutanthauza kuti Donald wapulumuka. Galarraga anangomwetulira. Joyce ataonera kanema anavomera poyera kuti walakwa, anapita kukapepesa misozi ili mbwembwembwe. Mawa lake Galarraga ndiye anamubweretsera pepala la mayina a osewera, mkuluyo n'kulira kachiwiri pamaso pa khamu. Bud Selig, amene ankatsogolera MLB nthawiyo, anakana kusintha chigamulocho.

Anthu akamakamba nkhaniyi amathera pa misozi. Ine chimandikhudza n'china. Kusukulu za oimbira amaphunzitsa kuti pa first base maso azikhala pa base kuona mapazi, makutu azimvera kulira kwa mpira ukamalowa m'golovesi. Maso sangaone zinthu ziwiri zotalikirana nthawi imodzi, koma diso ndi khutu zimathandizana. Tsono pitcher akathamangira pa base, mpira amamuponyera chapafupi, phokoso lake ndi lochepa, ndipo anthu awiri akubwera chothamanga pamalo amodzi. Njira ija imasokonekera. N'zomwenso zinam'gwetsa woimbira Don Denkinger mu 1985, pamasewero achisanu ndi chimodzi a World Series, ndime yomaliza yolimbirana chikho cha MLB: Jack Clark wa St. Louis anaponyera pitcher wake Todd Worrell, Denkinger n'kupulumutsa Jorge Orta wa Kansas City. St. Louis inaluza tsikulo, inaluzanso chikho, ndipo mkuluyo analandira makalata omuopseza kuti amupha. Akatswiri awiri, zaka 25 pakati pawo, anapunthwa pa chitsa chimodzi. Ndiye inu ndi ine ndife yani?

Apa ndiye ndinene mosapsatira: kholo lokuwira woimbira wa masewero a ana ndi munthu wamantha. Mukam'patsa chigoba kuti aime kumbuyo kwa catcher, wowakha mipira ya pitcher, mpira uzim'menya pamsomali dzuwa lili phwee, amayamba kudandaula za msana. MLB inayamba kuonera kanema pa ma home run, mipira yomenyedwa mpaka kudumpha mpanda, mu 2008, inakulitsa mu 2014 kuti mamanejala azitsutsa zigamulo ngati cha Joyce. Makolo amaonera zimenezo pa TV, chithunzi chikuyenda pang'onopang'ono kuchokera mbali zonse, n'kubwera kubwalo la fumbi kudzafuna zomwezo kwa munthu mmodzi amene wangoweruka kuntchito ya usiku. Kwathu lifali amathawira m'chimanga, kuno amathawira m'galimoto, kusiyana kwake n'komweko.

Za lamulo lija

Mawu akuti "tie goes to the runner" m'buku la malamulo mulibe. Bukulo limangoti womenya watuluka ngati iye kapena first base yakhudzidwa ndi wogwira mpira iyeyo asanaiponde, ndipo oimbira amaphunzitsidwa kuti china chimayamba ndithu, ntchito yanu n'kunena chimene chayamba. Pabwalo lopanda kanema ngati lanulo, chigamulo cha maso ngati chimenechi sichitsutsidwa. Kochi angadandaule pokhapokha mukapotoza lamulo lenilenilo.

Musasiye. Imani chapatali pang'ono ndi base, musamaweruze mukuyenda, ndipo mukamva mpira walowa, yang'anani kaye ngati ukadali m'golovesi musanakweze dzanja. Ine mpaka lero ndimawerenga "wani, thu" chamumtima.