Kuphunzira uphunzitsi muli pantchito komanso mukulera ana: yankho kwa mayi wa ku Mulanje

Mayi wina yemwe amagwira ntchito ya ukalaliki pa esiteti ina ya tiyi ku Mulanje wandilembera kalata pa imelo. Akuti ali ndi ana atatu, anakhoza mayeso a MSCE zaka zingapo zapitazo, ndipo mtima wake uli pa uphunzitsi, koma sangasiye ntchito chifukwa malipiro akewo ndiwo amagula chimanga ndi kulipira fizi ya mwana wamkulu. Funso lake ndi lakuti kodi pali njira yophunzirira uphunzitsi munthu ali pakhomo, ndipo ngati ilipo ayambire pati.

Mayi, njira ilipo, koma musanafunse za fizi kapena mafomu, yambani mwatsimikiza ngati mukufuna kukaphunzitsa ku pulayimale kapena ku sekondale, chifukwa kwa munthu amene ali pantchito njira ziwirizi n'zosiyana kwambiri.

Aphunzitsi a ku pulayimale amaphunzitsidwa kudzera m'ndondomeko ya IPTE, yomwe ndi ya zaka ziwiri, m'makoleji monga a Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre; palinso koleji ya bungwe la DAPP ku Amalika m'boma la Thyolo. M'makoleji amenewa wophunzira amagonera pa koleji nthawi ina, ndipo nthawi yotsalayo amakhala pa sukulu yomwe amutumiza kukayeserera kuphunzitsa. Anthu ambiri akamva za maphunziro a kutali a aphunzitsi a pulayimale amakumbukira ndondomeko ya ODL yomwe boma linayambitsa mu 2010. Vuto lomwe ndondomekoyi inkafuna kuthetsa linayamba kalekale, mu 1994, pomwe maphunziro a pulayimale anakhala aulere ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, aphunzitsi n'kuperewera kotheratu. Koma dziwani kuti ophunzira a ODL ija ankatumizidwa kusukulu zakumidzi kuti azikaphunzitsa tsiku ndi tsiku kwinaku akuwerenga mabuku awo, kotero sinali njira ya munthu wofuna kusunga ntchito ina. Ngati mtima wanu uli pa ana a Sitandade 1, konzekerani kuti tsiku lina mudzayenera kutsanzikana ndi esiteti.

Ku sekondale ndiko kuli mpata weniweni wa munthu ngati inu. Domasi College of Education ku Zomba inayamba kuphunzitsa dipuloma ya uphunzitsi kwa ophunzira a kutali m'chaka cha 2000, poyamba pofuna kuthandiza aphunzitsi a m'sukulu za CDSS omwe anali ndi satifiketi ya pulayimale yokha. Mzuzu University nayo inayamba maphunziro a kutali mu 2011, ndipo musaope dzinalo poganiza za mtunda wochoka ku Chitakale kukafika kumpoto, chifukwa yunivesiteyi ili ndi malo othandizira ophunzira ake ku Karonga, ku Lilongwe, ku Balaka komanso konkuno ku Mulanje. Kuti munthu alowe maphunziro a digiri amafunika makirediti asanu ndi limodzi a MSCE, kuphatikizapo Chingerezi, ndipo amayang'ananso mmene munakhozera maphunziro amene mukufuna kukaphunzitsa. Ngati munkakhoza bwino masamu kapena sayansi, ndikukulimbikitsani kutsata zomwezo, popeza aphunzitsi a maphunziro amenewa ndiwo akusowa kwambiri m'sukulu zathu zakumidzi. Ngati makirediti sakukwana, lembetsani ku sukulu ya masana ija timaitcha openi, mulembenso mayeso a MANEB, ndipo musachite nazo manyazi ngakhale mutakhala pa desiki limodzi ndi anzake a mwana wanu.

Tsono pali chinthu chimene zotsatsa za maphunzirowa sizinena mokweza, ndipo ndicho ndikufuna muchiganizire kuposa zina zonse. Maphunziro a kutali satanthauza kuti simudzachoka pakhomo. Pamakhala masabata okakumana ndi aphunzitsi maso ndi maso, pamakhala mayeso olembera pamalo oikika, ndipo koposa zonse pamakhala nthawi yoyeserera kuphunzitsa, pomwe mumayenera kuima kutsogolo kwa kalasi kwa masabata ambiri otsatizana, muli ndi choko m'manja ndi pulani ya phunziro patebulo, pomwe okuyesani akhala kumbuyo kwa kalasi akulemba zomwe akuona. Palibe angakupatseni pepala la uphunzitsi musanadutse pamenepo, ndipo n'zoyenera kutero, pakuti kulamulira kalasi yodzaza ana sikuphunziridwa pa foni. Inu mukudziwa bwino kuposa ine mmene esiteti imakhalira kuyambira Disembala mpaka Epulo, mvula ikagwa tiyi n'kuphuka: othyola amafika pa sikelo ndi madengu odzaza, kalaliki akulemba makilogalamu mpaka dzuwa kulowa, ndipo mawu oti tchuthi safuna n'komwe kumveka mu ofesi. Nthawi yoyeserera kuphunzitsa ikagwera m'miyezi imeneyo musanakambirane ndi abwana anu, mudzapezeka mukusankha pakati pa ntchito ndi sukulu mutalipira kale fizi ya zaka ziwiri kapena zitatu.

Zapakhomo nazo zimafuna kukambirana poyera. Kuwerenga kwa mayi wapantchito kumachitika mbandakucha moto usanakolezedwe, kapena usiku ana atagona, nthawi zina ndi tochi magetsi akazima. Ntchito zolemba zimakhala ndi tsiku lake lomaliza lopereka, ndipo tsikulo silisuntha chifukwa choti mwana wadwala malungo kapena kumudzi kwagwa maliro. Choncho khalani pansi ndi bambo akunyumba, kapena ndi mchemwali wanu ngati muli nokha, mugwirizane za amene adzaphike ndi kuyang'anira ana m'masabata amene mudzakhale kulibe. Powerengera ndalama musaiwale kuti fizi ndi gawo chabe: pali mabando a intaneti, kusindikiza mapepala, thiransipoti, malo ogona ndi chakudya pa nthawi yokakumana ndi aphunzitsi. Foni yamakono ikhoza kukuthandizani kulandira zowerenga ndi kukambirana ndi anzanu pa WhatsApp, koma kulemba ntchito yamasamba ambiri kumafuna kompyuta, ngakhale yobwereka.

Musapereke ngakhale tambala kusukulu iliyonse musanatsimikize kuti sukuluyo, komanso maphunziro enieniwo amene mukufuna, n'zovomerezeka ndi bungwe la National Council for Higher Education, lomwe limatulutsa mndandanda wa sukulu zotere. Izi n'zofunika kwambiri pa sukulu za pa intaneti zomwe zimatsatsa pa Facebook n'kumalonjeza digiri ya msangamsanga. Mukamaliza mudzafunikanso kulembetsa ku Teachers Council of Malawi, ndipo pepala losadziwika bwino lidzakubwezani pakhomo pomwepo.

Ndikuuzeninso mosabisa kuti kumaliza maphunziro sikutanthauza kulembedwa ntchito m'boma chaka chomwecho. Magulu angapo a aphunzitsi a IPTE akhala akudikira zaka asanaitanidwe, ena akuphunzitsa ngati aphunzitsi othandizira kapena m'sukulu zomwe si zaboma. Pa chifukwa chimenechi ukalaliki wanuwo muugwiritsitse mpaka kalata yokulembani ntchito ya uphunzitsi ifike m'manja mwanu.

Sabata ino tulutsani satifiketi yanu muwerenge makirediti, kenako mupite kumalo a Mzuzu University a ku Mulanje mukafunse kalendala ya chaka chonse, makamaka miyezi yokakumana ndi aphunzitsi ndi yoyeserera kuphunzitsa. Kalendala imeneyo ndiyo mukaonetse abwana anu pokapempha kuti masiku anu a tchuthi muziwasunga kuti adzagwere m'miyezi imeneyo, ndipo zomwe mudzagwirizane zidzalembedwe papepala, chifukwa mabwana a pa esiteti amasinthasintha ndipo wobwera kumene sadzadziwa zomwe munakambirana pakamwa ndi mnzake.