Kukadzipereka kumudzi wa alimi a koko: thandizo lenileni lili pati?

Mayi wina amene amawerenga zolemba zangazi wanditumizira imelo. Ali ndi tchuthi cha miyezi itatu, ndipo waona pa intaneti bungwe lina likuitana anthu okagwira ntchito mongodzipereka kumudzi kumene alimi amalima koko n'kumapanga okha chokoleti. Bungwelo likufuna kuti alipire pogona ndi chakudya. Funso lake ndi ili: "Mtengo wa koko sindinauonepo ndi maso. Kodi ndikathandizadi anthu akumeneko, kapena ndikangowachulukitsira ntchito?"

Mayi, kuthandiza mukhoza kukathandiza, koma osati pa ntchito imene mwaiona pazithunzi ija, ya munthu wovala epuloni akuthira chokoleti m'zikombole. Imeneyo imatha ndi anthu awiri kapena atatu oidziwa. Manja amaperewera kumunda ndi poyanikira, ndipo ndalama ya mlimi imapindulika kapena kutayika komweko.

Chipatso cha koko chimabereka pathunthu penipeni ndi panthambi zikuluzikulu. Pothyola amadula mosamala, chifukwa mukavulaza pamene chamerapo, maluwa sadzatulukanso bwino pamenepo. Mukachiswa mumapeza njere 30 kapena 40 zokutidwa ndi zoyera zoterera, zotsekemera. Njere yeniyeniyo ndi yowawa, fungo la chokoleti mulibemo n'komwe. Fungolo limabwera povundika. Njere amazithira m'mabokosi a matabwa kapena kuziunjika pamasamba a nthochi, n'kuzifunditsa masiku 5 mpaka 7. M'kati mwa muluwo kutentha kumafika madigiri 45 mpaka 50, ndipo mukavundukula, fungo la viniga limakulasani m'mphuno. Pakapita masiku awiri muluwo umafunika kuutembenuza kuti mpweya ulowe. Zikatero n'kuyanika padzuwa sabata yathunthu, mwina kupitirira, kumatakasa, kumathamanga kukafunditsa mvula ikangoyamba kuwaza, mpaka chinyezi chitsike kufika pa 7 peresenti. Mukafulumira kuzilonga m'matumba zimachita chuku. Mukaziumitsa pautsi, chokoleti chake chimanunkha utsi, ndipo palibe makina amene angachotse fungo limenelo.

Wogula wosamala amatapa njere m'thumba n'kuzidula pakati. Zofiirira zokhala ndi ming'alu m'kati ndiye zavundikika bwino, zotuwa zolimba ndiye kuti zinafulumizidwa. Mtengo wa thumba lonse umamangidwa pa zimene waonazo. Apa ndi pamene munthu ngati inu mungagwire ntchito yooneka: kuyeza pasikelo njere zimene mlimi aliyense wabweretsa, kulemba tsiku limene bokosi lililonse ladzazidwa, kuyeza kutentha m'mawa ndi madzulo, kusankha zoola. N'zotopetsa, ndipo palibe amene angakujambuleni mukuchita zimenezi. Koma kopaletivi yokhala ndi kaundula wolongosoka imatha kudziwa chifukwa chimene bokosi lina latulukira bwino pamene lina lakanika, komanso imalankhula ndi ogula mosagwa ulesi. Chachikulu, lembani pamodzi ndi munthu wa m'mudzimo kuyambira tsiku loyamba, kuti inu mukanyamuka bukulo lisatsekedwe.

Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma pa koko mwambiwu usakunamizeni. Mtengo wa koko umatenga zaka zitatu mpaka zisanu kuti uyambe kubereka, ndiye mlimi amene mukakumane naye wathera zaka zambiri akulimbana ndi matenda oola zipatso, kutengulira ndi kusamala mthunzi. Miyezi itatu simungamuphunzitse ulimi. Chimene mwina muli nacho n'chochokera kuntchito kwanu: kuwerengera ndalama, kugwiritsa ntchito kompyuta, kulemba kalata kwa ogula akunja. Akakupemphani, perekani.

Tsono musanalipire kalikonse, funsani kuti fakitale ya chokoletiyo mwini wake ndani. Ine funso limeneli ndimaliika patsogolo pa ena onse. Côte d'Ivoire ndi Ghana amalima koko woposa theka la koko yense wa padziko lapansi, koma chokoleti chochuluka chimapangidwa ku Ulaya ndi ku America, ndipo phindu lalikulu limatsalira komweko. Mu 2024 mtengo wa koko pamsika wa ku New York unadutsa madola 10,000 pa tani, pamene alimi a ku Ghana ankagulitsabe pamtengo wotsika kwambiri woikidwa ndi boma kudzera ku COCOBOD, bungwe la boma loyang'anira koko. Kupangira chokoleti kumudzi kuli ndi tanthauzo ngati alimi ali ndi gawo pa phindulo. Zoterezi zinachitikapo. Kuapa Kokoo, kopaletivi ya ku Ghana imene inayamba mu 1993, inakhala ndi masheya m'kampani ya Divine Chocolate ya ku Britain. Grenada Chocolate Company inayamba mu 1999 kupanga chokoleti pachilumba pomwepo pamene koko amalimidwa, mogwirizana ndi alimi ake. Ku Ecuador, mabanja a mtundu wa Kichwa a m'chigawo cha Napo amagulitsa chokoleti chawo m'dzina la Kallari. Koma iliponso minda ya munthu mmodzi imene imangotchula mawu akuti chitukuko pofuna antchito aulere. Kumeneko ntchito imene mungakagwire ulere ndi ganyu amene mnyamata wa m'mudzimo akanalandirapo ndalama.

Kulipira pogona ndi chakudya pakokha si vuto, banja la mlimi lisavutike kukudyetsani. Ingofunsani kuti pa ndalamayo, imene ikafike kubanja lokusungani ndi ingati, ndipo yotsalira ku ofesi ndi ingati. Akayamba kuzungulira poyankha, mwadziwa kale. Pemphaninso kulankhula ndi wapampando wa alimiwo, osati wolemba mameseji a bungwe yekha.

Za kukhitchini muziona ndithu, ndipo n'zosangalatsa: kukazinga njere, kuziswa ndi kupeta makoko, kupera pamakina a miyala tsiku lathunthu mpaka masiku atatu, kenako kusungunula chokoleti, kuchiziziritsa kufika cha m'madigiri 27 n'kuchitenthetsanso pang'ono kufika 31 kapena 32 kuti chiwale ndi kuthyoka bwino. Kadontho kamodzi ka madzi kakhoza kulimbitsa mphika wonse, n'chifukwa chake obwera kumene amayamba ndi kutsuka ziwiya ndi kukulunga mapepala. Musadandaule nazo.

Nthawi yopita isankheni motsatira zokolola. Kumadzulo kwa Africa kukolola kwakukulu kumayamba mu Okutobala mpaka cha m'Malichi, madera ena ali ndi nyengo zawo. Mukafika mabokosi ali gwa opanda kanthu, mudzangokhala mlendo woti azimuphikira. Funsaninso ku ofesi ya kazembe wa dzikolo za chiphaso, chifukwa mayiko ena amaona ntchito yongodzipereka ngati ntchito ina iliyonse, ndipo viza ya wokaona malo siikwanira.